Kalipentala Wosowa Chokonza

Kunyumba kwa a Hamala, kalipentala wa m'shedi ya kuseri kwa msika, kunalibe mpando wogwedera kapena chitseko cholira. Alendo ankayamikira kuti bamboyu ndi wakhama. Akazi awo ankangosekera mumtima, poti ankadziwa kuti msomali uliwonse m'nyumbamo unali ndi mlandu wake. Shelefu ya kukhitchini inabwera bamboyo atayankha mwano apongozi. Tebulo linapalidwa mwatsopano ataiwala kukawatenga mayiwo kuchipatala. Koma mawu oti "pepani" anali asanatulukepo pakamwa pawo chikwatirane. Malemu bambo awo, amenenso anali kalipentala, ankati mwamuna amapepesa ndi manja, ndipo mwana anamva nkusunga.

Ulendo uno anaonjeza. Mayiwo anali atangoyamba kusoka, ndiye mng'ono wawo atabwera kudzacheza anatulutsa diresi loyamba kuti amuonetse. A Hamala anaseka.

"Alamu, musadabwe, ndi masanje awa. Asiyeni azitayirapo nthawi."

Mayiwo anapinda diresi lija, makina nkuwaphimba ndi nsalu. Kuyambira pamenepo m'nyumba munangoti zii.

Mtima wa a Hamala sunakhalenso m'malo. M'mawa mwake kushedi anafupikitsa thabwa la mwini wake, chinthu chomwe sanachitepo. Anaweruka dzuwa likadali paliwombo, nayamba kuzungulira nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Anagwedeza mipando, yonse ili gwa. Anatsegula mawindo, kutseka, kutsegulanso. Mpopi nawo sunkadontha. Anthuni, munthu kulakwa zaka zonsezi mpaka chokonza kutha! Mapeto ake anamasula chitseko cha kabati chabwinobwino, ati achimangenso mayiwo akuona. Zamanyazi ndithu. Mayiwo anadutsa, kuyang'ana kamodzi, nalowa kuchipinda.

Atawatsatira anawapeza akulongedza zovala m'chikwama.

"Ulendo wakuti, mayi?"

"Kwa mng'ono wanga. Iye uja diresi langa analiona ngati diresi."

A Hamala anagwidwa ndi mantha enieni. Akaziwa sanali munthu woopseza, akati ndapita ndiye kuti apita. Pomwepo anaona kuti zipi ya chikwamacho yakana kutseka, mayiwo akulimbana nayo. Maso a kalipentala anawala. Dzanja linali litafika kale m'thumba, pomwe pamakhala pulayala.

"Bweretsani kuno, ndi kanthu kochepa aka."

Mayiwo anawapatsa osakana. "Konzani, bambo, inu mumatha. Mukamaliza ndinyamule bwino, zovala zisatayike panjira."

A Hamala anaima njii, pulayala italuma kale zipi. Kungokanikiza pang'ono ntchito ikanatha, ndipo manja ankachita kuyabwa. Anayang'ana zipi, anayang'ana akazi awo, kenako anaika pulayala pabedi.

"Ndinalakwa." Mawuwo anatuluka okhakhala ngati thabwa losapala. "Ndinakunyozani pamaso pa m'bale wanu. Pepani, mayi."

"Zokhazo?"

A Hamala thukuta linali kamukamu ngati anyamula chipika.

"Diresi lija msoko wake unali wowongoka. Ndinauona bwinobwino. Chinandiwawa nchakuti mwaphunzira nokha, ine osandifunsa kanthu."

Mayiwo anakhala pabedi, chikwama chili yasa pakati pawo. M'maso munalengeza misozi koma nkhope sinafewe. Sanatulutse chovala ngakhale chimodzi, ndipo nsapato zinali kumapazi.

"Khalani pansi, bambo," anatero. "Pitirizani, ine ndikumva. Minibasi zikadalipo zambiri, ndipo nkhani yanu mwangoiyamba kumene."