Kuno Safunsa Kawiri

Bambo oyandikana nafe nyumba kuno kutsidya kwa nyanja, ku Gaithersburg, salola mlendo kuchita manyazi. Ukangoti "zikomo, ndakhuta," amakukankhira mbale n'kunena kuti, "Landira mwanawe, kuno safunsa kawiri." Akaweruka ku banki ku Foggy Bottom, amaima pakhonde n'kumayang'ana akabawi akuzungulira m'mwamba, dzanja lawo lamanja likuyendayenda lokha.

Mu 1979 anapita kutchuthi ku Colorado, komwe anakwera ndege yopanda injini, ija amachita kuikoka ndi chingwe kenaka n'kuisiya kuti iziyandama ndi mphepo. Kuyambira ali mwana ku Chileka ankalota zoyendetsa ndege. Ali pamwamba pa mapiri oyera mbee, kuli zii, woyendetsa anawafunsa ngati angafune kugwirako chiwongolero.

"Ndinakana mwaulemu monga tinaleredwera, kudikira kuti andikakamize," amatero. "Mzunguyo anangoti chabwino, basi."

Anachita kutera manja ali pamaondo. Chaka chotsatira anayamba kudwala mtima, adokotala n'kuwaletsa zam'mwamba.

Dzulo ndinawafunsa ngati mapiriwo anali okongola.

"Kaya," anatero. "Ine njira yonse ndinkangoyang'ana chiwongolerocho."