Mavitamini obisa anandidanitsa ndi mpongozi wanga

Ndinalakwira mwana wa eni wopanda mlandu, ndipo ndikulemba izi kuti inu owerenga musachite zomwe ndinachita ine.

Ndimakhala ku Kanyama ndi mwana wanga wamwamuna. Chaka chomwe anamuchotsa ntchito ku Indasitiriyo, zinthu zitakwera mtengo paliponse, ku kiliniki anandipeza ndi chithokomiro chofooka, kachiwalo ka pakhosi kaja. Anandipatsa kapilisi kamodzi komwa m'mawa ndisanadye, kakang'ono ngati njere ya mapira. Ine sindikhulupirira munthu msanga. Ndinati aa, kameneka angondinyengerera nako.

Pamsika panali mayi wina wogulitsa mavitamini otchipa, a ayironi ndi a kashiyamu, akuti othandiza chithokomiro. Iyenso ndinamukayikira, koma mapilisi ake anali akuluakulu, ooneka ngati mankhwala enieni. Ndinagula. Sindinauze aliyense, pakuti pakomboni ukaulula matenda lero, mawa mseu wonse wadziwa. Ndinkameza onse pamodzi ndi kapilisi kaja, botolo n'kubisa m'sutikesi.

Patapita miyezi nkhope inatupa, tsitsi linayamba kusosoka, ndinkazizidwa ngakhale mu Okutobala. Maganizo anga anagwera pa mpongozi wanga, amake Dalitso, chifukwa ndiye ankaphika. Ndinayamba kumuzonda akakhala pambaula. Akapakula ndiwo, ndinkasinthanitsa mbale yanga ndi ya mwamuna wake, kuti ndione ngati mpongoziyo akuwa pomuletsa kudya. Tsiku lina anandiona.

"Amayi, mwaonamo chiyani m'mbalemo?"

"Mukudziwa ndinu," ndinatero. "Mukufuna chipinda changa."

Anamanga katundu, natenga ana, ulendo wa kwa makolo ake ku Matero.

Ndinayamba kudziphikira ndekha, koma kutupa sikunasiye. Ku kiliniki ba nesi anandifunsa katatu ngati pali china chimene ndimamwa. Kachitatu ndinaulula. Anagwira kumutu.

"Ambuya, ivi mukamwera pamodzi vimaletsa mankhwala kulowa m'thupi. Nanga osatifunsa bwanji?"

Lero thupi lili bwino, koma mpongozi wanga sanabwerere. Ndinapita ku Matero kukapepesa. Anandigwadira, nandipatsa mpando, koma chakudya ayi, akuti akuopa ndingatupenso.

Inu owerenga, sindikuti mavitamini ndi oipa. Koma chilichonse chimene mwagula, kachionetseni kaye kwa amene anakupatsani mankhwala musanameze. Ndipo mawu oneneza munthu muziyamba mwawasunga m'kamwa. Ine pano adzukulu anga ndimangowaonera pafoni ya atate awo.