Makeke pa Nsalu ya Mgonero

Dzulo mdzukulu wanga anandionetsa pafoni kanema wakale wopanda mawu, azibambo akuponyerana makeke kumaso. Iye ankaseka, ine malovu anadzaza m'kamwa.

Ndili mwana, galimoto ya kanema itabwera kwathu ku Mkaika, panasowa nsalu yoyera yoonetserapo. Atate anatenga mwakachetechete nsalu ya pagome la Mgonero, imene amayi ankasungira mpingo. Kanema wake analinso woponyerana makeke. Tinaseka mpaka nthiti kuwawa, koma ine mtima unali pa makeke aja. Onsewo angotayika basi?

M'mawa ndinaifunyulula nsaluyo n'kuyamba kuinyambita, pakamwa pali bii ndi mabulosi. Keke sindinamupeze, ndinangosiya madontho paliponse.

Amayi anaitambasula pamaso pa atate. "Inu, mawa ndi Mgonero. Ichi n'chiyani?"

Atate anandiyang'ana pakamwa, kenaka anayankha, "Simunaone mmene ankaponyerana anthu aja? Mwayi kuti yada pang'ono."

Amayi anatola tsache. Atate anathawa mozungulira nkhokwe, anapunthwa pamtondo, n'kugwera m'dengu la thonje, miyendo m'mwamba.

Makanema ndaonera ambiri, koma munthu wodziwa kugwa ngati atate sindinamuonebe.