Malinga a ku Olanda ndi ngalande ya amayi

Amene anandilakwira ndi a Damiyano, ndiyambe ndi iwowo. Anali sipayo, wapolisi wa boma la Apwitikizi, wopuma pantchito, ndipo dimba lawo ku Domwe linali kumtunda kwa dimba la amayi anga, madimba onse awiri akumwa m'ngalande imodzi. Chilimwe cha 1969 anatseka ngalandeyo ndi miyala, madzi onse n'kukhala dziwe lawo. Mbatatesi ya amayi inafota ikuchita maluwa. Amayi atakadandaula, anawauza kuti azitunga ndi ndowa. Ine sukulu ndinasiyira kalasi yachitatu chifukwa cha ndewu, ndiye mukudziwa kale. Ndinatenga khasu dzuwa lili pamutu n'kugumula dziwe lonselo. Madzi anakokolola dimba lawo, n'kupitirira kukakokolola la amayi. Ndinathawira ku Beira, kumene ndinapeza ntchito yopala dzimbiri pasitima yapamadzi.

Ulendo umene ndikusimba ndi wa tsiku limodzi, mu 1973, sitima yathu itaima ku Rotterdam m'dziko la Olanda. Mnzanga Bento wa ku Kabu Verdi anakhalako zaka zambiri, ndipo chinenero chawo ankachidziwa. Za dziwe zija ndinamuuzapo, ndipo sanandipumitse nazo.

"Wogumula iwe, Lamulungu tiye ukaone akuluakulu ako," anatero. "Kuno nkhondo ankamenya ndi madzi."

Tinakwera komboyo, sitima yapamtunda, ya 7 koloko m'mawa yopita ku Utrecht, tikiti yopita ndi kubwera osafika magilda khumi. Ine wobadwira m'mapiri ndinakakamira pawindo kufunafuna ngakhale chulu. Panalibe. Udzu, ng'ombe zamawangamawanga, ndi ngalande zowongoka ngati mizere ya m'kaderno yolembamo kusukulu. Ku Utrecht tinasintha komboyo, ndipo cha m'ma 9 tinatsika ku Culemborg, kumene tinabwereka njinga pasiteshoni pomwepo. Njinga zake zilibe mabuleki a m'manja, umaimitsa popalasa chobwerera. Bento anandiuza zimenezi ndili kale ndi mwendo umodzi m'ngalande.

Msewu unkayenda pamwamba pa mtumbira waukulu wotchinga mtsinje wa Lek. Mbali iyi mtsinje, mbali inayo nyumba zili m'munsi, ife tikupalasa molingana ndi madenga. Tinkapita kukaona malinga akale a nkhondo, koma loyamba tinalipeza lotseka ndi waya. Tinangolizungulira. Ndi njerwa zokwiriridwa ndi dothi, mitengo itamera pamwamba, madzi atazungulira ponseponse. Phiri loyamba kuliona m'dzikolo, nalonso lomangidwa ndi anthu.

Palinga lachiwiri tinafika masana. Pamlatho panali mkulu wina wovala nsapato zamitengo, amene ankayang'anira malowo. Poyamba anakana, koma Bento atamuuza kuti ndachokera ku Mosambiki kudzaona ngalande, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatulutsa makiyi.

Mkati munkazizira ngati m'mawa wa Juni kwathu. Pazenera ndinatambasula mkono wonse, osafika kunja kwa khoma. Zipinda zogona asilikali, zosungira onga, mileme ili lendelende kudenga. Koma mkuluyo anati mfuti zinali zongothandizira. Malinga ankangolondera misewu ndi mitumbira, malo amene madzi sangakwere. Msilikali weniweni ali kuseri.

Anatitengera kumeneko. Anali makoma awiri a njerwa moyang'anizana, aliwonse ali ndi mpata wozokotedwa kuchokera pamwamba mpaka pansi. M'mipatamo ankatsetserekamo matabwa okhuthala, lina pamwamba pa linzake. Adani akamabwera ankazula matabwa angapo, madzi a mumtsinje n'kuyamba kulowa m'minda, mudzi ndi mudzi, ulendo wa masiku angapo wapansi.

"Mufunse, ankafika pati? M'madenga?" ndinauza Bento.

Mkuluyo anawerama n'kudzigwira bondo.

"Basi?"

"Akuti basi," anatero Bento. "Akafika m'mawondo, bwato limakhula pansi. Woyenda pansi naye saona pamene pali ngalande, amangoti phuvu, iye ndi hatchi yake yomwe."

"Nanga osangogumula mtumbirawo bwanji, adaniwo amire onse?"

Bento anayamba kuseka asanamasulire n'komwe. Mkuluyo sanaseke. Anati ukagumula, mdani amabwera pabwato akuimba nyimbo, pamene ng'ombe zako zamira. Minda imene ankamiza inali yawo yomwe, ndipo nkhondo ikatha ankafuna kudzalimamonso. Iye mwini ali mnyamata, nkhondo ya Jeremani ikuyandikira, anakusa ng'ombe za bambo ake kuzichotsa m'dambo madzi akukwera pang'onopang'ono kumbuyo kwake, ndipo sinafe ndi imodzi yomwe.

"Funsanso lina, wogumula," anatero Bento akupukuta misozi.

Mtima unandiwira, ndipo madzi anali pafupi kwambiri ndi msana wake. Ndinapisa manja m'thumba. Ndinafunsa ngati madziwo anawapulumutsa pankhondo imeneyo. Mkuluyo analoza kumwamba: ndege za adani zinangodutsa pamwamba pa madziwo. Komabe mipata ija anali kuichotsabe ndere, ndipo inali yoyera ngati mawa ayikamo matabwa.

Anatigawira buledi wa tchizi ndi khofi wa m'fulasiki. Iwo akucheza, ine ndinagwada pakhoma paja kuyeza mpata ndi zala, n'kujambula papepala la fodya. Ndinaganiza za amayi, mmene anaimira m'matope tsiku lija, osandikalipira, akungotola mbatatesi zazing'ono ngati mazira a njiwa. Anthu awa anali ndi mtsinje wonse m'manja, mdani ali pakhomo, koma ankawerenga matabwa. Ine ndinali ndi kadziwe kamodzi. Pobwerera, pasiteshoni ya Utrecht, Bento anandigulira nsomba yaiwisi ya anyezi, ndipo ndinaimeza osakangana naye, mpaka anandifunsa ngati ndikudwala.

Kwathu ndinabwerera mu Setembala 1975, mbendera itasintha. Ndinapeza dziwe la a Damiyano litamangidwanso, amayi akutsika ndi ndowa kasanu m'mawa uliwonse, khosi litapindika. Sindinapite kwa a Damiyano. Ndinaumba njerwa, ndinacheka matabwa atatu a bulugamu, ndipo pamene ngalande ya kwa amayi imapatukira padziwelo ndinamanga timakoma tiwiri tokhala ndi mipata. Tsiku lachinayi a Damiyano anatsika okha ndi ndodo yawo, anthu a m'madimba ataimika makasu.

"Wabwera kudzagumulanso?" anandifunsa.

Ndinavula chipewa.

"Ayi, bambo. Chija ndinalakwa, ndinamiza ndi amayi anga omwe. Matabwa awa ndi atatu. Awiri ndi anu, dziwe lanu siliphwa. Lapamwambali ndi la amayi. Lolemba ndi Lachinayi ndizidzalizula ineyo, dzuwa litatuluka, inu mukuona. Mukafuna muzibwera ndi mpando."