Buledi wa Lachisanu

Ndikadutsa pa bekale ku Ilford, tauni ya kuno kunja, n'kumva fungo la buledi woluka, ndimakumbukira mayi anga.

Ndili mwana, gogo wina wachiyuda woyandikana nafe ankatipatsa buledi ameneyu Lachisanu lililonse. Tsiku lina kunabwera mlendo, mayi wa kutchalitchi kwathu. Ataona buledi patebulo anati, "Amake Tadala, musadye ameneyo. Anthu awa amathiramo magazi a ana."

Ine ndinamunyema msangamsanga, kufunafuna chofiira. Mkati munali moyera, mofewa, mofunda.

Mayi ananditsomphola chidutswacho n'kuyamba kutafuna, maso ali pa mlendoyo.

"Bodza limenelo apapa a mpingo wathu analiletsa kalekale m'makalata awo, Ayuda akuphedwa nalo. Inenso kumudzi anandithamangitsa ndi miyala ndili mu yunifomu ya unesi, ati ndine namapopa. Tadala, pita ukathokoze agogo."

Ndinathamanga, ndikuganiza kuti Papa amawadziwa agogowo maso ndi maso.

Nditakula ndinawerenga kuti mpingo womwewo unkawavekanso Ayuda zizindikiro zowasala, ndipo makalata a apapawo anthu ambiri sankawamvera. Mayi anga sanalembe kalata. Anangodya bulediyo, mpaka nyenyeswa zomwe.