Mmene Petronela Anafewetsera Msewu wa ku Neno

Mukamachokera ku Machinjiri kulowera ku Chirimba, musanafike pamsika, pali kashedi ka malata kokhala ndi mulu wa matayala pakhomo. Mtsikana wa ovolosi yobiriwira amene mumamuona atagwada pamenepo ndi mdzukulu wanga, Petronela. Ndikudzinenera ndekha, chifukwa alipo amayi ena a kutchalitchi kwathu amene amadutsapo nkhope atalozetsa kumbali, ngati kuti mwana wamkazi akagwira sipanala ndiye kuti mtundu wonse wagwa m'matope. Aziyang'ana kumbali komweko. Ine ndinamulera kuyambira ali ndi zaka zinayi, mayi ake atatisiya, ndipo ndikudziwa chimene manja akudawo anachita chaka chathachi.

Atalemba mayeso a fomu folo ine ndinkafuna akaphunzire kusoka. Ndinali nditalankhula kale ndi telala wina ku Ndirande. Iye anangoti chabwino anganga, koma m'mawa uliwonse ankalowera ku Chirimba, kugalaja ya a Hamudi, bambo wachikulire amene wakhala akukonza magalimoto kuyambira ine ndili mtsikana. Ndinazindikira patapita miyezi iwiri, nditaona zikhadabo zake zakuda ndi mafuta a galimoto. Ndinapita komweko nditamanga chitenje m'chiuno kuti ndikayambane nawo, koma a Hamudi anandipatsa mpando, nandiuza kuti pa ana onse amene anawaphunzitsa, uyu yekha ndiye amafunsa chifukwa chake chinthu chathyoka. Ndinabwerera mkwiyo utathera m'njira.

Kumeneko ndi kumene anatengera khalidwe lake la geji, kachipangizo koyezera mpweya wa m'tayala. Anzake ambiri amangomenya tayala ndi sipanala, likalira ngati ng'oma ati lakhuta. Iye ayi. Amayamba wafunsa kuti galimoto ikupita kuti, yanyamula chiyani. Madalaivala a minibasi anam'patsa dzina loti Sisi wa Geji pofuna kumuseka, koma lero ndi omwewo amene amaima pamzere pashedi pake.

Tsono nkhani yeniyeni ndi ya agogo ake aamuna, amuna anga a Blackson. Anasenza matumba zaka makumi atatu ndi ziwiri pasitolo ina ya holoselo ku Limbe, mpaka mafupa a msana anatha. Kuchipatala anatiuza kuti palibenso chochita, azingopewa kugwedezeka. Kwawo ndi ku Neno, kupitirira paboma, kumapiri kumene amalima kachewere. Anapitako komaliza mu 2015. M'mimba mwa amayi awo anabadwa asanu ndi awiri, koma anatsala awiri okha, iwo ndi achemwali awo aakulu, a Ellen, amene maso anasiya kuona. A Ellen ankabwereka foni kwa mphunzitsi wa pafupi nawo, ndipo nthawi zonse mawu anali amodzimodzi: akufuna amugwire mlongo wawo kumaso ndi manja, mawu a m'kachitsulo atopa nawo. Foni ikaduka, a Blackson ankakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka. Ukawapatsa nachesi la pamsika, ankangolinunkhiza n'kunena kuti la kwawo silinunkha chonchi.

Mwana wathu Nedson, malume ake a Petronela, ali ndi pikapu yonyamulira njerwa ndi mchenga. Monga amachitira anzake onse a ntchito imeneyi, anapita nayo ku Ndirande kukawonjezetsa masipuling'i, zitsulo zosanjikizana zija za pansi pa galimoto, awiri mbali iyi, awiri mbali inayo. Ankanyadira kuti katundu amene ena amatenga maulendo awiri iye amatenga kamodzi. Mu Julayi 2023 anati awatengera yekha bambo ake kumudzi. Anakonzekera ndi mtima wonse, zimenezo sindingamunamizire. Anatsuka galimoto, kumbuyo anasesa osasiya ngakhale kamchenga, ndipo poti ulendo unali wautali, anakapopetsa matayala onse anayi mpaka gwa ngati mwala. Kwathu kuno ndi mmene timadziwira: ulendo ukakhala waulemu, tayala likhute. Petronela anayesa kulankhula, koma malume ake anamuuza kuti galimoto anayamba kuyendetsa iye asanamere mano.

Paphula zinayenda bwino. Tinadutsa Lunzu, tinawoloka Shire pa Zalewa, a Blackson akuloza mapiri ndi chala. Titangosiya phula n'kulowa msewu wafumbi, galimoto inasanduka chinthu china. Inkadumpha ngati mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi. Kamwala kalikonse kankatipeza m'mafupa. Ine ndinali pakati, ndipo ndinamva dzanja lawo likundifinya bondo. Sanadandaule, mpaka ndinaona misozi ikutsikira m'ndevu. Zaka makumi asanu ndili nawo pabanja, maliro a ana athu awiri tinaika limodzi, koma kulira kotere ndinali ndisanakuone. Tinabwerera tisanayende ngakhale theka la msewu wafumbiwo. A Blackson anagona milungu itatu osatha kudzuka, ndipo atadzuka anandiuza kuti ndikawauze a Ellen kuti akaonana kumwamba.

Uthenga umenewo sindinaupereke. Petronela ndiye anandiletsa.

Anadikira miyezi yambiri, mvula inabwera n'kupita. Tsiku lina Lamlungu titaweruka kutchalitchi, Nedson atabwera kudzationa, mtsikanayu anayamba kufotokoza modekha. Anati galimoto ya masipuling'i owonjezera imafewa pokhapokha italemedwa, ikakhala yopanda katundu imauma ngati ngolo. Anati tayala lokhuta kwambiri silimeza mwala, limangoupatsira kwa munthu wakhala pampando. Anatinso mashoko, timipope tija timene timaletsa galimoto kunjanja, anatha kale mafuta onse anayi. Anapempha kuti amubwereke galimotoyo masiku anayi, achotse masipuling'i owonjezerawo.

Nedson anaseka. Anati masipuling'i amenewo ndiwo amadyetsa ana ake, ndipo sangalole kuti mwana wa dzulodzuloli aphwasule galimoto yake ngati wailesi.

"Ankolo, ndidzabwezeretsa ndekha, chitsulo chilichonse pamalo pake," anatero Petronela. "Inu munakonzera njerwa galimoto imeneyi. Agogo si njerwa."

Nedson anati mwanayu wayamba mwano. Apa m'pamene ndinalowererapo. Ndinamukumbutsa kuti msana umene ukukanika kukwera galimoto yakewo ndi womwe unamusenzera fizi mpaka fomu folo. Sindinakweze mawu. Nedson anasiya makiyi patebulo n'kupita wapansi.

Ntchito anaigwirira pabwalo pathu pompano, a Hamudi atamubwereka majeke awiri okwezera galimoto. Agogo ake anatulutsa mpando n'kumaonerera. Tsiku lachiwiri anayamba kumuuza kuti asamale zala. Petronela anachotsa zitsulo zinayi zija n'kuziimika pakhoma, anaika mashoko ena amene anawasankha yekha ku Limbe, powakanikiza limodzilimodzi ndi manja. Kenako anadzaza matumba asanu ndi mchenga, nawagoneka kumbuyo, pamwamba penipeni pa matayala. Aneba ankafunsa ngati ku Neno kulibe mchenga.

Chimene sindidzaiwala ndi ndowa. Asanamasule kanthu, anali atadzaza ndowa yanga ndi madzi, naiika pampando pamene adzakhale agogo ake, ataimanga ndi lamba, n'kuyendetsa galimoto kutsetsereka msewu wokumbika wa kuseri kwathu mpaka kumlatho ndi kubwerera. Inabwera ndi madzi osafika theka, mpando uli chonyowa. Atatha ntchito anachitanso chimodzimodzi, katatu, ulendo uliwonse akuphwetsako matayala pang'ono n'kulemba nambala ya pageji pakhoma ndi khala. Ulendo wachitatu madzi anangotayika okwana kapu. Ananyamula ndowayo, nakaiika pamapazi pa agogo ake. Iwo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati jekete yawo yakuda ili yochapa.

Tinanyamuka m'mawa wa Lachisanu, mu Ogasiti 2024. Paphula anayendetsa Nedson, matayala ali ndi mpweya wake wabwinobwino, Petronela atakhala kumbuyo pamatumba. Mtsikanayu anati tayala lophwa paphula limatentha, likhoza kuphulika. Titafika pothera phula anagogoda padenga kuti tiime. Anatsika ndi geji yake, nagwada patayala lililonse, mpweya uli psii, mpaka matayala anaphwanyuka pang'ono m'munsi ngati mimba ya chule. Anyamata a kabaza amene anali pamthunzi anayamba kukuwa kuti galimoto yaponcha, ndipo wina anabwera ndi pampu ya njinga kuti atithandize. Nedson manyazi anamugwira. Anati sangayende ndi matayala ooneka ngati a munthu wosasamala, anthu amudziwa m'njira muno, ndiponso miyala idzawang'amba m'mbali.

Petronela anavomera kuti ikhoza kuwang'amba, galimoto ikamathamanga. Anati n'chifukwa chake kuyambira pamenepa ayendetsa ndi iye.

A Blackson ndi amene anaweruza. "Nedson, kwera kumbuyo," anatero. "Ukamve mmene njerwa zako zimamvera."

Tinayenda ngati tanyamula mazira. Njinga zamoto zinkatipitirira, ngakhale mayi wina wosenza nkhuni anayenda nafe limodzi pachitunda china mpaka tinachezerana. Mtsikanayu maso anali pamsewu pokhapokha, akuzemba miyala yakuthwa, pa maenje akulowetsa tayala limodzi kenako linzake. Galimoto inkangoyendera m'mbali ngati bwato, osadumpha. Ine ndinkadikira dzanja lija pabondo panga. Silinabwere. Titadutsa pamene tinabwererera chaka chija, a Blackson anatsitsa galasi, nayamba kutchula mayina a mitsinje ndi midzi, ndi anthu amene ankakhala m'menemo, ambiri a iwo anapita kale. Msewu umene ena amayenda maola awiri ife tinayenda asanu.

Tinapeza a Ellen atakhala pamkeka panja, atavala chilundu chatsopano kuyambira m'mawa. Tinawatsitsa a Blackson anthu awiri, n'kuwakhazika pambali pawo. A Ellen anakweza manja, nayamba pachipumi, kutsikira m'masaya, mpaka m'ndevu.

"Wakalamba, iwe," anatero. "Anandiuza kuti ukadali mnyamata."

Petronela anapita kukayang'ana pansi pa galimoto, ngakhale kuti panalibe chimene chinavuta.

Tinagwirizana zogona masiku awiri. M'mawa wa tsiku lobwerera, ine nditamanga kale katundu, a Blackson anandiitanira kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa manachesi umene anabzala bambo awo. Anandiuza kuti sabwerera. Anati msewu uja anauyenda kamodzi mwa chisomo, safuna kuuyesanso, ndipo achemwali awo sangawasiye okha kachiwiri. Anati manda a amayi awo ali apo, akuoneka. Anandipempha kuti nditsale nawo. Koma ine ku Machinjiri ndili ndi adzukulu ena awiri amasiye, wina ali sitandade 8, ndipo palibe wina wowaphikira kapena wowakalipira. Iwo ankadziwa zimenezi asanandifunse. Ndinawasiyira mankhwala awo ndi bulangete langa, ndinawauza a Ellen nthawi zomwera, n'kukwera galimoto.

Pobwerera tinatsika mapiri aja pang'onopang'ono. Titafika paphula Petronela anatulutsa kapampu kolumikiza kubatire, napopanso matayala onse anayi, akuyeza ndi geji. Mlungu womwewo anabwezeretsa masipuling'i a malume ake monga analonjezera, ndipo Nedson anabwerera ku njerwa zake. Ndimamva kuti masiku ano akamapita kumadambo kokatenga mchenga amayamba wadzera pashedi paja, koma iye sanandiuzepo.

Tsopano ndine amene ndimadikira foni ya mphunzitsi uja, Loweruka lililonse masana. Akuti a Blackson anenepako, amayenda ndi ndodo mpaka kudimba. Amandifunsa ngati denga la kukhitchini lasiya kudontha. Ine ndimati lasiya, ngakhale silinasiye. Mpando wawo ndinaulowetsa m'nyumba chifukwa unkandipweteka maso pakhonde.

Tsiku lina mvula ikugwa, Petronela anabwera kudzandiona atanyowa, ndipo ndinalephera kudzigwira. Ndinamuuza kuti akanasiyako sipuling'i imodzi, kapena kupopa tayala limodzi mopitirira, mwina agogo ake akanabwerera panjira ngati poyamba paja, bwenzi pano ali pakhonde. Sanaseke. Anakhala pansi pafupi nane, nanditenga dzanja m'manja mwake mokhakhala muja.

"Anganga, mukanakonda zimenezo?"

Ndinati ayi. Ndipo ndi zoona, sindikanakonda.

Msewu wa kumapiriko sudutsika bwino mpaka mvula itatha. Petronela wanena kuti sukulu zikadzatsekera, adzaphwasulanso galimoto ya malume ake, tidzapite ndi ana omwe, tikakhaleko mwezi wathunthu. Nedson wayamba kale kudandaula kuti nthawi imeneyo ndi imene anthu amamanga nyumba. Adandaule. Ine ndagula kale nsalu ya a Ellen, ndipo ndikusokera amuna anga chipewa cha ulusi, chifukwa kwawoko kumazizira kuposa kuno.