Mfuti m'Mphasa ya Maliro

Kabuku kake kanali kakang'ono, ka chikuto cholimba chimene chinayamba kunyotsoka m'makona. M'kati munali chithunzi cha atate atavala tayi yobwereka, nambala ya mfuti, ndi zidindo zofiirira, zina zitadindidwa mopendama. Kankanunkha girisi ndi fodya. Atate ankakasunga m'chitini cha mabisiketi, pomwe mfuti yeniyeniyo, ya mipope iwiri, inkagona pamwamba pa wodiropu itakulungidwa m'bulangete. Zipolopolo ankazitsekera kwina, m'sutikesi ya pansi pa bedi. Nthawi yokonzetsa laisensi ikakwana ankapempha tsiku kuntchito n'kukaima pamzere, ngakhale kuti mfutiyo inkalira kamodzi pachaka, tikapita kumudzi ku Chipata kukathamangitsa nguluwe m'munda. Kwathu kutauni, ku Kabwata, lamulo linali limodzi: "Iyi si ndodo. Ukaiona, uziyenda kutali."

Atate anamwalira mu Okutobala, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anangogwa kuntchito, pofika nawo kuchipatala anali atapita kale. Zinali zaka zija za mantha, pamene ndege ikangolira kumwamba aphunzitsi ankatigonetsa pansi pa madesiki, ndipo m'misewu munali asilikali osecha katundu wa aliyense. Munthu ukalankhula zambiri m'basi, mnzako ankakutsina.

Titaika maliro, amayi anavala zakuda n'kukhala pamphasa m'chipinda chochezera, mipando yonse ili panja. Mwambo wa kwa atate unkati wamasiye satuluka pageti, sapereka moni wa m'manja, sathira mchere m'ndiwo, mpaka achibale a mwamuna atameta ndi kugawa katundu. Azakhali awiri, alongo awo a atate, anatsala m'nyumba kuti aziwasamalira. Kunena zoona, ankawalondera. Tsiku logawa katundu analiika Loweruka lomaliza la mwezi, ndipo anagwirizana kuti bedi ndi makina osokera adzatisiyira, poti ndiwo ankatidyetsa.

Atate aang'ono, mng'ono wawo wa atate, ankakhala ku Chelstone ndipo ankayendetsa lole. Asanamwe anali munthu wa nthabwala, wotibweretsera maswiti m'thumba la ovololo. Akamwa, ngakhale galu wawo ankakagona kwa aneba. Akazi awo, amene tinkawatchula kuti amayi a ku Chelstone, ankabwera tsiku lililonse kudzatiphikira, duku atalikokera mpaka pansidze. Mwezi umenewo ankatsimphina, ndipo aliyense wofunsa ankamuuza kuti anagwa pasitepe. Nyumba yawo ndinkaidziwa bwino, inalibe sitepe.

Lamulungu lina masana atate aang'ono anaima pakhomo la chipinda cha atate, botolo lili m'manja, n'kuloza nalo pamwamba pa wodiropu.

"Mulamu, vinangu vonse bagabane. Ine nifuna chabe chija."

Amayi sanadzutse mutu. Atate aang'ono anatembenukira kukhitchini, kumene akazi awo ankatsuka mbale, n'kukweza mawu.

"Ikafika ku Chelstone ija, bantu benangu bazaphunzila ulemu."

Kukhitchini kunagwa mbale ya chitsulo, inazungulira pasimenti nthawi yaitali isanakhale chete. Azakhali anaseka ngati amva nthabwala. Ine ndinaganiza kuti akunena akuba, poti masiku amenewo nkhani inali ya akuba basi. Komabe kuyambira tsiku limenelo ndinkaopa kulowa m'chipinda chija. Akandituma kukatenga chipeso ndinkathamanga maso ali pansi, ndikumva ngati chinthu cha m'bulangete chikundiyang'ana.

Lero anthu akamakangana pawailesi ngati munthu wamba aziloledwa kusunga mfuti, ndimapsa mtima ndi onse, ovomera ndi okana omwe, chifukwa amalankhula ngati mwini mfuti sadzafa. Atate anaisunga zaka zambiri osaopseza nayo ngakhale nkhuku ya aneba. Boma linawafufuza lisanawapatse kabuku kaja, linafunsa za khalidwe lawo ndi kumene azidzaisunga. Koma pogawa za maliro palibe amene amafufuza munthu. Amangoyang'ana amene anabadwa motsatana ndi malemu.

Aphunzitsi anga a Giredi 4, mayi wa magalasi amene ankakhala mzere wa kuseri kwathu, anabwera kudzapepesa Lachitatu. Azakhali ali panja kusenda nyemba, amayi anandinong'oneza kuti ndikatenge kabuku m'chitini ndikabise m'diresi. Aphunzitsi anakawerenga atakaika m'kati mwa buku la nyimbo. Anafotokoza motsitsa mawu kuti laisensi imafa ndi mwini wake, kuti mfuti iyenera kukasiyidwa kupolisi, ndipo woifuna akapemphe yekha m'dzina lake, amufufuze. Anawonjezera kuti m'masiku ngati amenewo wopezeka ndi mfuti yopanda pepala akhoza kutsekeredwa osaonanso dzuwa.

"Tumani mwana akauze bapolisi, babwele batenge beka," anatero aphunzitsi.

Amayi anapukusa mutu. Ankadziwa kuti azakhali akangomva fungo la nkhaniyo, uthenga ufika ku Chelstone apolisi asanavale nsapato. Anangopempha kalata ya Chingerezi, ndipo aphunzitsi anailemba papepala long'amba m'kope langa la masamu.

Lachisanu m'mawa kunamveka mphekesera yoti kusitolo ya boma kwafika mafuta ophikira. Azakhali anaiwala ulonda, anatola mabotolo n'kuthamangira pamzere. Geti litangotsekeka, amayi anadzuka pamphasa paja, anakwera pampando n'kutsitsa mfuti. Anaikulunga m'mphasa yomweyo, namanga ndi nsanza m'malo atatu. Kabokosi ka zipolopolo anakaika m'chikwama changa cha kusukulu, pamwamba pake kabuku ndi kalata.

"Osathamanga, osagwa. Uziyenda kumbuyo kwanga."

Sindidzaiwala maso a azimayi a pampopi ataona wamasiye wovala zakuda ali mumsewu, mphasa ili pamutu. Wina anagwira pakamwa, wina anakokera mwana wake kumbali. Dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo. Phula linkamata kumapazi, ndipo maluwa ofiirira ogwa m'mitengo ankaphulika pang'onopang'ono ndikawaponda, ine n'kumadzidzimuka. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti zipolopolo zikatenthedwa ziphulikira kumsana kwanga. Chikwamacho ndinachikumbatira pamimba kuti chikhale mumthunzi wa mutu wanga, ndipo ndinkapemphera pemphero lokhalo limene ndinkalidziwa, la pachakudya.

Titadutsa Kamwala tinapeza msewu atautseka. Migolo iwiri, thabwa la misomali, ndi asilikali anayi. Ankatsitsa anthu m'basi n'kumagwedeza matumba a makala. Mmodzi wamtali, wa milomo youma, anatikodola.

"Ba mayo, mwanyamula chani apo?"

Ndinkayembekeza kuti amayi anena kuti ndi mphasa chabe. Ndinkafuna aname, Mulungu andikhululukire.

"Ni nfuti, mwana wanga. Ya bamuna banga. Banamwalila."

Zimene zinatsatira ndimazimvabe m'makutu: zitsulo kulira khetche khetche, anthu a m'basi kubalalika, mawu okuwa kuti ikani pansi, ikani pansi. Amayi anatsitsa mphasa mwaulemu ngati akutula nkhuni, nagwada paphula lotentha manja ali m'mwamba. Mpope wa mfuti ya msilikali unali pafupi ndi duku lawo. Ine ndinamva zofunda zikutsika m'miyendo mpaka m'masokosi, ndipo manyazi sindinawamve n'komwe.

"Mwana ali na kalata," anatero amayi.

Zala zanga zinakanika kutsegula lamba wa chikwama. Wamkulu wa asilikaliwo, bambo wa imvi m'mbali, anagwada n'kutsegula yekha. Anaona zipolopolo, anandiyang'ana, anawerenga kalata kawiri, kenako anayerekeza nambala ya m'kabuku ndi ya pamfuti. Anawauza amayi kuti achita bwino koma achita mopusa, kuti tsiku lina adzaphetsa mwana. Anatipatsa msilikali mmodzi wotiperekeza mpaka kupolisi, iye atanyamula mphasa, ife tikutsatira ngati ogwidwa. Kumeneko analemba zonse m'buku lalikulu, amayi anadinda chala, ndipo anatipatsa kapepala kosonyeza kuti mfuti yalandiridwa. Kabuku kanatsala komweko pamodzi ndi chithunzi cha atate, ndipo apo m'pamene ndinayamba kulira.

Pobwerera tinapeza azakhali ali pakhonde, mabotolo ali opanda kanthu, nkhope zili gwa. Loweruka atate aang'ono anafika ndi lole, achibale atadzaza pabwalo. Amayi anayenda chogwada n'kuika kapepala kaja patsogolo pa atate aang'ono. Anakawerenga, ndipo mitsempha ya m'khosi inatupa. Anamenya chitseko ndi chibakera mpaka chinang'aluka. Azakhali anayamba kukuwa kuti mkazi wotuluka pamaliro asanamete ndiye kuti akudziwapo kanthu pa imfa ya mwamuna wake. Ine ndinabisala kuseri kwa mgolo wa madzi.

"Wapeleka chuma cha m'bale wanga ku boma? Ndiye uzagona pansi!"

Pangano lija linathera pomwepo. Anatenga bedi, anatenga makina osokera, wailesi, mipando, mapoto, ngakhale nsalu za m'mawindo. Amayi anangokhala pasimenti, poti ndi mphasa yomwe inatsala kupolisi. Amayi ndinawada tsiku limenelo, ndinene mosabisa. Ndinkaona kuti atisowetsa pogona chifukwa cha chitsulo chimene ife sitinkachifuna n'komwe, ndipo anandiyendetsa pakati pa asilikali popanda chifukwa. Ndinatha masabata ndikuwayankha ndi mutu wokha.

Lole itadzaza, injini ikulira, amayi a ku Chelstone anauza amuna awo kuti aiwala chitenje m'nyumba. Analowa motsimphina. Ine ndinali pakhomo la kukhitchini, ndipo sanandione. Anagwada patsogolo pa amayi, anagwira mapazi awo ndi manja onse awiri, naika chipumi chawo pamenepo. Mapewa awo ankagwedezeka popanda mawu. Amayi, amene mwambo unkawaletsa kukhudza munthu, anawasisita pamsana n'kunena kuti, "Pita, bangakukalipile." Hutala ya lole inalira panja, amayi a ku Chelstone anapukuta maso ndi nsonga ya duku n'kutuluka.

Mayi wa ku Chelstone uja anadzamwalira ndi ukalamba, pabedi pake, zidzukulu zitamuzungulira. Koma ine tsiku limenelo, nditaima pakhomo la khitchini yopanda kanthu, ndinaganiza kuti akupepesa chifukwa cha mapoto athu.